Jombo za ski zoyendera ku lifiti ndi kuthengo komwe: yankho kwa achimwene a ku Inverness

Funso la lero lachokera kwa achimwene ena a ku Zomba amene akugwira ntchito ya unamwino ku Inverness, m'dziko la Scotland. Nkhani yake ndi ya ski, masewero otsetsereka paphiri la chipale mutamanga timatabwa titalititali (ma ski) kumapazi; lifiti ndi makina okweza osewerawo pamwamba pa phiri. Mwachidule akuti: "Nyengo yozizira ino ndi yachitatu ndikusewera ski ku Cairngorm ndi ku Glenshee, koma jombo ndimachita kubwereka. Anzanga akuntchito amakwera mapiri ndi ma ski kumene kulibe lifiti, ndipo akundikoka kuti ndizipita nawo. Ndalama zogulira jombo mapeyala awiri ndilibe. Ndamva kuti kuli jombo zotchedwa hybrid zogwira ntchito konsekonse. Kodi n'zoona? Chinanso, kusitolo anandiyeza n'kundipatsa 26.5, koma zala zikugunda kutsogolo. Ine ndimabwereka 27.5 ndipo sindivutika nayo. Phazi langa n'lotambalala. Ndimvere ndani?"

Achimwene, zikomo kwambiri polemba. Kwa munthu ngati inu, amene masiku ambiri adzakhalabe ku lifiti n'kumapita kuthengo mwa apo ndi apo, jombo ya hybrid ndi yoyenera. Pa nkhani ya saizi, ndikuona kuti wakusitoloyo sanalakwitse, ndipo ndikupatsani njira yotsimikizira ndi dzanja lanu lomwe. Nkhani ya saiziyi ndi imene ndiikhalire pansi, chifukwa pa zaka zimene ndakhala ndikuyeza mapazi a anthu, jombo zambiri zimene zabwerera m'manja mwanga eni ake akudandaula zinali zazikulu, osati zazing'ono.

Jombo ya ski ili ndi chigoba cha pulasitiki yolimba kunja, ndi laina yofewa m'kati imene imazuka mukaikoka. Chigobacho chili pawiri: mbali ya phazi ndi khosi lozungulira mwendo, zolumikizana pa akakolo. Pa jombo ya ku lifiti, khosi limakhomedwa lili chopendekera kutsogolo, kuti mukakankha ndi msongolo mphamvu yonse ifike ku ski. Pokwera phiri mumafuna zosiyana ndi zimenezo. Khosi liyenera kumasuka, lizipita kutsogolo ndi kumbuyo, kuti mwendo uzitambasuka ngati mukuyenda mumsewu. Jombo ya hybrid ili ndi kachitsulo kumbuyo kwa khosi: mukakakweza khosi limamasuka, mukakatsitsa limakhoma. Ilinso ndi timabowo tachitsulo kuchala ndi kuchidendene, mmene mumalowa mano a binding yokwerera phiri. Binding ndi chija chimagwira jombo pa ski. Njira ya timabowoyi anaitulukira Fritz Barthel wa ku Austria m'zaka za m'ma 1980, ndipo inafala kudzera ku kampani ya Dynafit.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo jombo imeneyi imavumbwa ndithu pang'ono mbali zonse. Jombo yeniyeni ya ku lifiti imalemera magalamu 2,000 kapena kuposa, phazi limodzi. Za hybrid zambiri zili pakati pa 1,600 ndi 1,900. Zokwerera phiri zenizeni, monga Scarpa Maestrale kapena Tecnica Zero G, zili cha m'ma 1,300 mpaka 1,500, ndipo zilipo zina zopepuka zofika pafupi ndi 1,000. Kusiyana kwa magalamu 400 m'sitolo simungakumve. Mudzakumva pa ola lachitatu, pamene phazi lililonse mwalinyamula maulendo masauzande, likukoka ski, binding ndi chikopa chomata kunsi kwa ski chija chimakuletsani kubwerera m'mbuyo. Khosi la hybrid limayenda madigiri 50 mpaka 55 likamasulidwa, pamene zokwerera zenizeni zimafika 60 kapena kuposa. Komabe nambala yapakatoniyo musaikhulupirire kwambiri. Chofunika ndi mmene khosi likuyendera phazi lili m'kati. Jombo zina zimalembedwa madigiri ambiri koma mwendo ukabwerera m'mbuyo zimalimba ngati chitseko chadzimbiri, ndipo mumayamba kuponda timapazi tifupitifupi.

Potsika, hybrid yabwino ya masiku ano ili pafupi kwambiri ndi jombo ya ku lifiti, moti munthu wa nyengo zitatu ngati inu sangaone vuto. Kusiyana kumamveka pa chipale chouma gwa, chimene ku Cairngorm n'chosasowa chifukwa cha mphepo ndi kusungunuka masana n'kuumanso usiku. Jombo ya pulasitiki yolemera yotchedwa polyurethane imameza kunjenjemera kwa ski, ndipo ikamapinda imayamba mofewa n'kumalimba pang'onopang'ono. Pulasitiki yopepuka yotchedwa Grilamid, imene imapezeka m'jombo zambiri zokwerera, imafikitsa kabampu kalikonse ku msongolo, ndipo nthawi zina imapinda pang'ono kenako n'kuima mwadzidzidzi ngati mwagunda khoma. Nchifukwa chake kwa inu ndingakonde hybrid ya chigoba cha polyurethane, ngakhale ikulemerako. Palinso chifukwa chachiwiri chimene ndichitchule tikafika pa kutambalala kwa phazi.

Tsopano saizi. Ambiri a ife tinakula tikugulidwira nsapato yaikulu kuti tikule nayo, kutsogolo n'kumafinyiramo nyuzipepala, ndipo mpaka lero chala chikangokhudza kutsogolo mtima umati nsapatoyi yachepa. Pa nsapato yoyendera maganizo amenewa alibe vuto. Pa jombo ya ski amapweteketsa. Jombo ndiyo chiwongolero chanu. Phazi likamasewera m'kati, inu mukhota koma ski ichedwa kumva, ndiye mumayamba kukunga zala ngati nkhuku pamtanda kuti mugwire jombo, phazi n'kuchita dzanzi. Jombo zobwereka zimamveka bwino chifukwa laina yake inaphwa kalekale ndi mapazi a anthu mazanamazana, komanso obwereketsa amapereka yokulirapo kuti mzere uziyenda. Choncho 27.5 ija si umboni wa saizi yanu.

Saizi za jombo za ski zimatchedwa mondopoint, ndipo ndi utali wa phazi m'masentimita basi. Phazi la masentimita 26.5 limavala 26.5. Dziwaninso kuti makampani ambiri amapanga chigoba chimodzi cha 26 ndi 26.5, ndiye mukachoka pa 26.5 kupita pa 27.5 mwalumpha sentimita yathunthu, ndipo chigoba chakula paliponse: m'litali, m'lifupi, pamwamba pa phazi, ndi pachidendene pomwe.

Mukabwerera kusitolo muchite izi. Zulani laina, lowetsani phazi m'chigoba chopanda kanthu mutavala sokosi yopyapyala, sunthani phazi kutsogolo mpaka chala chachikulu chikhudze pulasitiki pang'ono chabe, osakankha. Pindani bondo pang'ono, wina ayang'ane ndi tochi mpata umene watsala kumbuyo kwa chidendene. Ochita mipikisano amafuna sentimita imodzi kapena kuchepera. Kwa hybrid ine ndimafuna sentimita imodzi ndi theka mpaka awiri, chifukwa pokwera mwendo umaima chilili ndipo phazi limatalikako kutsogolo. Mpata ukapitirira masentimita awiri ndi theka, jomboyo ndi yaikulu, ngakhale ikumveka bwino chotani. Yesani mapazi onse awiri, popeza anthu ambiri phazi limodzi limaposa linzake.

Mukatero bwezerani laina, valani, menyetsani chidendene pansi kuti chikhazikike m'malo mwake, ndipo mumange kuyambira chomangira chapakakolo. Mukaima chilili zala ziyenera kukhudza kutsogolo. Zimenezi ndi zimene zinakuopsani, koma ndi mmene ziyenera kukhalira. Kenako kankhani msongolo kutsogolo ngati mukutsika phiri. Chidendene chibwerera m'mbuyo ndipo zala zichoka kukhoma, zizitha kugwedezeka pang'ono. Zikatero saizi ili bwino. Zala zikakhala zopindika ngakhale mutakankha, kapena fupa lina likuwawa ngati mwaponda msomali, apo pali nkhani ina. Khalani nazo mphindi makumi awiri kapena kuposa, mukuyenda, mukumasula khosi ndi kulikhomanso. Laina yatsopano imaphwa pakatha masiku angapo a pa chipale, ndiye jombo imene ikumveka ngati pilo tsiku loyamba idzakhala khwekhwerere pofika mwezi wa February.

Chaka china kunabwera bambo wina amene anagula hybrid pa intaneti, saizi imodzi pamwamba, poganiza kuti zala zipume pokwera. Atavula sokosi, zikhadabo za zala zazikulu zonse ziwiri zinali bii, ndipo kumbuyo kwa chidendene kunali zilonda zofiira zazikulu ngati ndalama yachitsulo. Iye ankaganiza kuti jombo yachepa ndipo ankafuna ndiikuze. Nditaika phazi lake m'chigoba, zala zanga ziwiri zinalowa kumbuyo n'kutsala malo. Pokwera, chidendene chinkanyamuka n'kukhuzika pa laina sitepe iliyonse, mpamene panachokera matuza. Potsika, akangokhalira kumbuyo pang'ono, phazi lonse linkatsetserekera kutsogolo, zala n'kumamenya khoma. Ndinamata timapilo m'mbali mwa akakolo ndi kuika chokwezera pansi pa laina, zinathandizako, koma nyengo yotsatira anagulabe ina. Chigoba chaching'ono timatha kuchikuza. Chachikulu palibe amene angachichepetse.

Za kutambalala kwa phazi ndikukumvetsani bwino. Phazi limene linakula likuyenda chopanda nsapato kapena m'masilipasi kawirikawiri limatambalala kutsogolo, zala zili balala, pamene chidendene chingakhale chaching'ono ndithu. Mankhwala ake si kukwera saizi, koma kupeza chigoba cha m'lifupi moyenera. Jombo iliyonse ili ndi nambala ya m'lifupi m'mamilimita, yoyezedwa pa saizi 26.5 pamene phazi latambalala kwambiri. Zopapatiza ndi 97 kapena 98, zapakati 100, zotambalala 102 kupita m'tsogolo. Atomic Hawx Ultra XTD ndi 98 pamene mnzake Hawx Prime XTD ndi 100. Tecnica Cochise yodziwika ija ndi 99. Lange XT3 inatuluka m'mitundu iwiri, ya 97 ndi ya 100. Mayinawa ndatchula kuti muone kusiyana, osati kuti mukagule dzina. Jombo imene mnzanu akuitama ingakhale mdani wa phazi lanu.

Apa mpamene polyurethane imapambananso. Ngati chidendene ndi akakolo zagwidwa bwino koma fupa la kuseri kwa chala chaching'ono likupanikizika, timatenthetsa malo amenewo n'kukankha pulasitiki ndi chida kuchokera m'kati, ikazizira imakhala pomwepo. Mamilimita angapo amapezeka mosavuta. Pamene chigoba n'chochindikala timathanso kupala m'kati. Grilamid imatheka, koma imakhala yopyapyala, imafuna dzanja lodekha, ndipo kupala n'kosatheka kwenikweni. Malo ovuta kukonza ndi pamwamba pa phazi, pamsana paja pamadutsa zingwe za nsapato. Mukamva kuti chigoba chikukanikiza pamenepo musanamange n'komwe, ivuleni muyese ina. Inu a unamwino mukudziwa bwino kuposa ine kuti pamenepo pamadutsa mtsempha wa magazi ndi minyewa yopita ku zala. Pakafinyika, zala zimazizira ndi kuchita dzanzi pasanathe ola, ndipo munthu amathamangira kuvala masokosi awiri, zimene zimangowonjezera kufinya. Sokosi ikhale imodzi, yopyapyala, ya ubweya wa merino, yosakwinyika pa msongolo, ndipo thalauza lam'kati lisalowe m'jombo.

Jombo zina zatsopano, kuyambira cha mu 2023, zili ndi kagudumu ka BOA kokoka waya m'malo mwa zomangira ziwiri zam'munsi. Kamakulunga phazi mofanana m'malo mongolipsinja kuchokera pamwamba, ndipo ena a mapazi otumphuka amakakonda. Sikasintha chigoba cholakwika kukhala cholondola.

Ndalama ikatsalako, ikani pa chopondera cham'kati choumbidwa motsatira phazi lanu. Chimene chimabwera ndi jombo n'kansalu chabe. Phazi lopanda chochirikiza limaphwatalala mukaliponda, limatalika ndi kutambalala, ndipo anthu ambiri amene amati jombo yawachepera amadabwa kuona zala zikubwerera m'mbuyo atangoikamo chopondera chabwino. Laina nayonso imatenthetsedwa n'kuumbidwa pa phazi lanu. Muwapemphe akuvekeni tizisoti pa zala poumba, kuti kutsogolo kutsale kampata kokwerera.

Pa nambala ya kulimba, ija imalembedwa 100, 110, 120, 130, dziwani kuti palibe muyezo umodzi umene makampani onse amatsata. 120 ya kampani ina ingafanane ndi 110 ya ina. M'sitolo mofunda pulasitiki imafewa, pa phiri imalimba, makamaka polyurethane. Kwa bambo wa thupi lapakatikati amene wasewera nyengo zitatu, ine ndimayambira pa 110 kapena 120. Ambiri amafuna 130 chifukwa ndiyo ili pamwamba pa shelefu, koma jombo imene simungathe kuipinda imakukankhirani kumbuyo, ndipo kukhalira kumbuyo ndiko kumabweretsa misongolo yowawa ndi zikhadabo zakuda.

Pali chinthu china chimene sindifuna muchiphonye chifukwa chikukhudza mawondo ndi mafupa anu: pansi pa jombo payenera kugwirizana ndi binding. Pali miyezo itatu. ISO 5355 ndi pansi pathyathyathya pa jombo ya ku lifiti yachikale. ISO 23223, imene anthu amangoti GripWalk, ndi pansi pa labala popindikira pang'ono kuchala, ndipo hybrid zambiri zimabwera ndi pamenepa. ISO 9523 ndi pansi pa jombo zokwerera, pa labala yochindikala. Jombo ya GripWalk imafuna binding yolembedwa GripWalk, MNC kapena Sole.ID. Ya ISO 9523 simungaiike m'binding ya GripWalk wamba. Imafuna MNC, Sole.ID kapena ya mano ija. Mukakakamiza jombo m'binding yosayenera imatha kulowa ndithu, koma tsiku logwa singatuluke pa nthawi yake. Ngati muzibwerekabe ma ski, muziwaonetsa jombo zanu obwereketsawo asanakupatseni. Mukadzafuna ma ski anuanu peyala imodzi, binding monga Shift ya Salomon ndi Atomic, imene inatuluka mu 2018, imakwera ndi mano kuchala koma potsika imagwira ngati ya ku lifiti. Imayenderana bwino ndi hybrid. Binding yopepuka ya mano okhaokha sindiikonda pa chipale chouma cha ku lifiti tsiku ndi tsiku, chifukwa ilibe kutamuka kokwanira kumeza mabampu.

Ku Scotland kuli ndi khalidwe lakelake limene anzanu a ku mapiri a Alps ku Ulaya sangakuuzeni. Mapiri si aatali: Cairn Gorm ndi mamita 1,245, Ben Macdui 1,309, osafika ndi theka lomwe la Sapitwa wathu wa ku Mulanje. Koma chipale nthawi zambiri chimayambira kumtunda, ndiye mumayenda kaye pa miyala, m'matope ndi m'tchire, ma ski ali pamsana. Apa pansi pa labala ndi khosi lomasuka bwino zimaposa nambala ina iliyonse. Chipale chake n'chonyowa, chimalowa m'kachitsulo kakumbuyo n'kuuma, ndipo mukafika pamwamba kachitsuloko kamaoneka ngati kakhoma pamene sikanalowe. Chotsani madzi oumawo ndi nsonga ya ndodo, tsitsani kachitsulo, kankhani mwendo kutsogolo ndi kumbuyo mpaka mumve kuti khosi laima nji. Ndaonapo munthu akuyamba kutsika jombo imodzi ili yomasuka, ndipo anagwa pokhota poyamba pomwe. Timabowo takuchala natonso timadzaza madzi ouma. Mano akalowa, gwedezani phazi kangapo kuti atsuke m'bowomo musanakhome.

Pokwera, masulani zomangira ziwiri zapamwamba ndi lamba, koma cha pamsana pa phazi chisiyeni chogwira pang'ono kuti chidendene chisavine. Wengani zikhadabo usiku wake. Pamene mwamva kutentha pakhungu, imani nthawi yomweyo mumate pulasitala, musadikire thuza. Mukafika kunyumba zulani laina iume payokha, kutali ndi moto kapena chotenthetsera m'nyumba, ndipo chigoba muchisunge chomanga pang'ono kuti chisakhamuke.

Mwina mwaganizapo zogula zakaunjika pa intaneti, poona mitengo. Ma ski ndi ndodo gulani akale ngati ali bwino. Jombo samalani nazo. Laina inaumbika kale pa phazi la munthu wina, pansi pakaperepeseka binding sigwira moyenera, timabowo tachitsulo timatha, ndipo pulasitiki yokalamba imatha kusweka kukazizira. Ndi bwino kudikira kumapeto kwa nyengo, cha mu April, pamene masitolo amatsitsa mitengo ya jombo za chaka chatha, n'kugula kwa munthu amene adzakukonzerani mukabwerera ndi dandaulo. Mufunse musanalipire ngati kukonzako kuli mumtengo womwewo, chifukwa kubwerera kawiri kapena katatu n'kwachibadwa.

Jombo ikakutengerani kuthengo, mwachoka m'manja mwa olondera a ku lifiti. Chipale cha m'mapiri amenewa chimagumuka ngati Napolo, ndipo chapha anthu ku Scotland komweko. Bungwe la Scottish Avalanche Information Service limalengeza za ngoziyi tsiku lililonse m'nyengo yozizira, kuphatikizapo madera a Northern Cairngorms ndi Southern Cairngorms. Muziwerenga musananyamuke, munyamule kachipangizo kofufuzira munthu wokwiririka, fosholo ndi ndodo yofufuzira, ndipo muphunzire kuzigwiritsa ntchito. Glenmore Lodge, pafupi ndi Aviemore, amaphunzitsa zimenezi, ndipo kuchokera ku Inverness si patali.

Kusitolo mupite madzulo, makamaka tsiku limene mwachokera ku shifiti mwaima tsiku lonse, chifukwa phazi limakhala litatupako ngati mmene lidzakhalire pa phiri. Tengani sokosi yanu ya ski, ndipo muwauze zoona za masiku amene mudzakwere ndi amene mudzakhale ku lifiti. Muyese zigoba zitatu za makampani osiyana, zonse pa 26.5, chimodzi chikhale cha 100 kapena 102 m'lifupi. Mpata wakumbuyo kwa chidendene ukapezeka wosafika sentimita imodzi, pamenepo mpomwe 27.5 ingalowe m'nkhani. Mukayeza mundilembere nambala imene mwapeza pa phazi lililonse ndi malo amene pakuwawa, tidzaonere limodzi chigoba choyenera kukankha.